Bayoloje ku sekondale: mafunso amene ndimafunsidwa kawirikawiri kuno ku Mulanje

Ndimaphunzitsa bayoloje pa sukulu ina yoyendera m'munsi mwa phiri la Mulanje. Mafunso ali m'munsiwa ena amachokera kwa ophunzira anga, ena kwa makolo tikakumana pa msonkhano wa PTA kapena panjira yopita kumsika, ena kwa aphunzitsi anzanga amene angoyamba kumene ntchito. Ndawasonkhanitsa pamodzi poona kuti chaka ndi chaka amabwera omwewomwewo.

Aphunzitsi, ndimawerenga manotsi mpaka usiku koma mayeso akabwera ndimalakwa. Vuto lili pati?

Kawirikawiri si ulesi ayi. Ana ambiri amene amandifunsa funsoli ndi akhama, ena amawerenga ndi tochi ya foni mpaka batire kuthima. Chimene chimawagwetsa n'chakuti mawu aloweza, koma chinthu chenichenicho sanachione. Mwana amatha kulakatula tanthauzo la osmosis osaphonya liwu ngakhale limodzi. Ndiye mumufunse chifukwa chimene chimanga chimafotera feteleza akathiridwa mogundiza phesi nthaka ili youma, amangoti kakasi. Chonsecho yankho lake ndi lomwe analoweza lija: feteleza wachulukitsa mchere m'dothi lozungulira mizu, ndiye madzi m'malo molowa m'mizu akutulukamo. Mafunso ambiri a MSCE amabwera chonchi, atavala zovala zina, ndipo woloweza sawazindikira.

Yesani izi. Mukamaliza mutu, tsekani kope, mupite kukhitchini mukawafotokozere amayi kapena agogo m'Chichewa kaya m'Chilomwe. Pamene lilime lakakamira, pamenepo ndiye simunamvetse. Bwererani pomwepo, osati koyambirira kwa kope.

Kodi si kutaya nthawi kufotokoza m'Chichewa poti mayeso timalemba m'Chingerezi?

Ayi. Ine m'kalasi ndimayamba ndi Chichewa kuti mwana agwire mfundo, kenako timaibveka Chingerezi chake, ndipo sindilola kuti tituluke asanailembe yekha m'Chingerezi. Koma pali misampha imene muyenera kuidziwa, chifukwa liwu limodzi la kwathu nthawi zina limanyamula zinthu zingapo zimene bayoloje imazisiyanitsa.

Tengani liwu lakuti mtsempha. Njira yochotsa magazi mumtima, artery, timati mtsempha. Yobweretsa magazi kumtima, vein, timatinso mtsempha. Ulusi wonyamula uthenga wa ku ubongo, nerve, ndi mtsempha. Chingwe cholumikiza mnofu ku fupa, tendon, chija chimavuta kutafuna pa nyama ya ng'ombe, nachonso mtsempha. Zinthu zinayi zosiyana ntchito kotheratu. Mwana akamaganiza ndi liwu limodzi lokhali, pa mayeso amalemba lililonse limene labwera msanga m'mutu.

Kupuma nakonso. Kulowetsa ndi kutulutsa mpweya m'mapapo ndi breathing. Respiration ndi nkhani ina, imachitika m'kati mwa selo iliyonse, pamene shuga akuphwanyidwa kuti mphamvu ituluke, ndipo mtengo wa mango nawonso umachita zimenezi usana ndi usiku ngakhale ulibe mapapo. Tizilombo timati ndi udzudzu womwe, bakiteriya yemwe, vairasi yemwe. Ndulu timatchula kathumba ndi madzi ake owawa omwe. Kapamba ena amanena spleen, ija imatupa mwana akamadwaladwala malungo, ena amanena pancreas yotulutsa insulin. Kumapeto kwa kope lanu sungani tsamba la mawu oterewa, liwu la Chichewa kumanzere, ana ake onse a Chingerezi kumanja.

Sukulu yathu ilibe labotale. Tingakhoze bwanji pulakitiko?

Ndiyambe ndi kunena chilungamo: mwana wa ku CDSS ayenera kukhala ndi labotale ngati mnzake wa ku sukulu yogonera komweko, chifukwa pepala limene amalemba ndi limodzi. Maikulosikopu ilibe cholowa m'malo mwake. Amene sanaonepo selo ya khungu la anyezi ndi maso ake wamanidwa kanthu, ndipo makomiti a sukulu asatope kupempha.

Koma podikirapo, zambiri zimatheka ndi zinthu za pakhomo. Ayodini wa ku famase, wosungunula ndi madzi pang'ono, amaonetsa sitachi: dontho limodzi pa ufa, pa chinangwa kapena pa mbatata, pomwepo pamada ngati buluu wopsa. Mtedza ukautikita pa pepala umasiya banga loonekera kuwala, umboni wa mafuta. Kachewere mumudule tizidutswa tofanana, tina muike m'madzi wamba, tina m'madzi a mchere wambiri, mupime ndi rula musanaike ndiponso pakatha ola: ta m'mchere timafewa n'kufupika, ta m'madzi timalimba gwa. Jumbo yoonekera m'kati mukaimangirira pa nthambi ya masamba m'mawa, pofika masana mwadzaza madontho, ndiye transpiration imeneyo. Botolo la pulasitiki lodula kunsi ndi mabaluni awiri zimapanga chifuwa ndi diaphragm yake.

Chimene ndimakonda koposa ndi mtima wa mbuzi. Tsiku la msika pa Chitakale kapena ku Limbuli ndimalawirira kukapempha wogulitsa nyama kuti andisungire mtima wathunthu, asaudule misempha yake ya pamwamba. Ana akaung'amba n'kugwira ndi zala, amadzionera okha kuti khoma la chipinda cha m'munsi chakumanzere n'lochindikala kuposa la kumanja. Ndikafunsa chifukwa chake, salephera: lakumanja limangokankhira magazi ku mapapo, pafupi pomwepo, pamene lakumanzere liyenera kuwafikitsa mpaka ku chala cha kuphazi. Mwana amene wagwira mtima sadzaiwala mfundoyi.

Pa ma enzyme, mapuloteni ofulumizitsa kusintha kwa zinthu m'zamoyo, mphunzitsi wamkulu ndi mayi wophika thobwa. Phala limakhala lolimba ndi losatsekemera, akathiramo chimera limasungunuka n'kuyamba kutsekemera. Mbewu zomera zija zili ndi amylase, amene amadula sitachi kukhala shuga. Ndipo funsani chifukwa chimene samathirira chimera phala likubwadamuka pamoto, koma amadikira lizizireko kaye. Yankho lake ndi mutu wonse wa mmene kutentha kumakhudzira ma enzyme.

Mankhwala a Benedict, oyesera shuga, ndi a Biuret, oyesera puloteni, okha ndiwo ayenera kugulidwa kapena kubwerekedwa ku sukulu ina ya mu kilasita yanu. Chenjezo limodzi: poyesa sitachi m'tsamba, sipiliti saikidwa pamoto mwachindunji. Kachubu kake kamamizidwa m'madzi otentha, moto utazimitsidwa. Ndiponso m'kalasi sitibaya munthu kuti tione magazi.

Nanga pa pepala la pulakitiko, mamalikisi ambiri amathawira pati?

Pa zojambula ndi pa kusayang'ana. Ana ambiri akapatsidwa duwa kapena chiwala amachiyang'ana kamodzi n'kujambula cha m'buku chimene anachiloweza. Jambulani chimene chili patebulo panu. Ngati tsamba lili ndi mbali yodyedwa ndi mbozi, lili choncho basi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mu bayoloje mwambiwu ndi woona monga mmene ukumvekeramo: nkhono ya kumtunda ili ndi maso kunsonga kwa tinyanga take titalitali, koma wopupuluma sawaona chifukwa akangoigwedeza imatibweza m'kati.

Pensulo ikhale yosongoka. Mzere ukhale umodzi wosadukizadukiza, osapakapaka mthunzi. Mizere yolozera mayina ikokedwe ndi rula, ikhudze chinthu chimene ikutchula, ndipo isadutsane. Chojambula chikhale chachikulu, chokhala ndi mutu. Magnification ndi kutalika kwa chojambula kugawa ndi kutalika kwa chinthu chenichenicho: tsamba la masentimita 6 mukalijambula masentimita 9, mulembe x1.5, popanda cm kumapeto. Poyesa zakudya lembani mtundu umene mwaona. Ngati Benedict wakhalabe wa buluu mutatenthetsa, lembani kuti wakhalabe wa buluu, musangoti palibe chachitika.

Mumakonda kunena kuti m'munda wa tiyi muli theka la silabasi. Mumatanthauzanji?

Tiyi wakhala akulimidwa kuno kuyambira m'zaka za m'ma 1890, ndipo ana athu ambiri amadutsa m'misewu ya m'esiteti tsiku lililonse popita ku sukulu. Makolo a ena amatchola tiyi. Komatu akafika m'kalasi amaona ngati bayoloje ndi nkhani ya kutali.

Tiyi akasiyidwa osadulidwa amakula kukhala mtengo wautali kuposa nyumba. Chimene chimamusandutsa tebulo lobiriwira lija ndi kudulira ndi kutchola. Kunsonga kwa mphukira kumapangidwa auxin, amene amaletsa timaso ta m'munsi kuphuka. Wotchola akachotsa masamba awiri ndi kansonga, timaso tija timamasuka, nthambi zatsopano n'kuchuluka. Mayi amene amatsina nsonga za mpiru kapena za nkhwani akuchita chimodzimodzi.

Ku nazale, tiyi wamakono sabzala njere koma tizidutswa ta nthambi, kuti tchire lililonse lifanane ndendende ndi kholo lake losankhidwa. Mitundu yotere amaifufuza ku Tea Research Foundation ku Mimosa, konkuno ku Mulanje. Apa ndiye pali kuswana kosadzera m'maluwa, ubwino wake ndi kuopsa kwake. Ku fakitale nako, masamba amayamba afotetsedwa kuti madzi achepe, kenako amadulidwa n'kunyenyedwa. Maselo akasweka, ma enzyme amakumana ndi oxygen, tsamba lobiriwira n'kusanduka lofiirira, monga imachitira nthochi yaiwisi mukaisenda n'kuisiya. Akaona kuti lafika pake amaliponya mu chowumitsira, kutentha n'kuimitsa ma enzyme aja. Pano ndiikepo chenjezo: pa mayeso musalembe kuti enzyme yafa. Enzyme si chamoyo, ndi puloteni. Kutentha kumaipotoza maonekedwe kuti isagwirenso ntchito, ndipo liwu lofunika ndi denatured. Ana ambiri amataya malikisi pa kakang'ono kameneka.

Ndiye kuopsa kwa mbewu zofanana ndendende n'kotani?

Funsani aliyense wamkulu ku Thyolo za nthochi. Matenda a chisaka anapululutsa minda imene inkadyetsa Limbe ndi Blantyre, mpaka anthu kumadya nthochi zochokera ku Tanzania ndi ku Mozambique. Chisaka ndi vairasi, amanyamulidwa ndi tinsabwe toyamwa madzi a nthochi, komanso amayenda m'ana a nthochi amene timapatsana pobzala. Popeza mwana wa nthochi ndi kholo lake ndi chinthu chimodzi m'chibadwa, matenda akagonjetsa phata limodzi ndiye kuti munda wonse ulibe chodzitetezera. N'chifukwa chake alangizi ankalimbikira zozula mapata onse odwala n'kubzala mbewu yoyera. Mukafunsidwa kuipa kwa vegetative propagation, kuswana kosadzera m'maluwa kuja, musavutike kukumbukira za m'buku, kumbukirani nthochi za kwanu. Chinangwa ndi chinanazi nazonso zimaswana motere.

Mayina a Chilatiniwa ndi a chiyani? Amangotizunza.

Nanzikambe ena amati bilimankhwe, ena tonkhwetonkhwe, ndipo apa tidakali m'Malawi momwemuno. Asayansi a dziko lonse anafunika dzina limodzi pa chamoyo chilichonse, ndipo njira ya mayina awiri imene timatsata inakhazikitsidwa ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden m'zaka za m'ma 1750. Simufunika kuloweza mazana. Dziwani lamulo lake: dzina loyamba limayamba ndi chilembo chachikulu, lachiwiri ndi chaching'ono, ndipo polemba pamanja mumadula mzere kunsi kwa lililonse palokha. Chimanga ndi Zea mays, nandolo ndi Cajanus cajan.

Ndipo si mayina onse ali achilendo. M'nkhalango za phiri lathuli muli nanzikambe amene dzina lake la sayansi ndi Nadzikambia mlanjensis. Taliwerengani pang'onopang'ono: loyambalo lachokera ku Chichewa, lachiwirilo ndi Mulanje. Kambalame kena ka m'nkhalango zowirira kali ndi dzina lothera ndi choloensis, kuchokera ku Cholo, mmene azungu ankalembera Thyolo. Ndikawauza ana zimenezi, nkhope zimasintha.

Ndine kholo. Mwana wanga wa fomu 2 akuti mukuwaphunzitsa za kubereka. Kodi si kuwaononga ana kumeneku?

Mayi, nkhawa yanu ndikuimvetsa, ndipo sindiipeputsa. Nkhani zimenezi kwathu kuno zili ndi eni ake, anamkungwi ndi azakhali, ndiponso zili ndi nthawi yake. Sukulu sinabwere kudzalanda udindo umenewo. Chimene timaphunzitsa ndi mmene thupi limagwirira ntchito: ziwalo ndi ntchito zake, kusintha kwa thupi mwana akamakula, msambo, mmene pathupi pamayambira, mmene mwana amadyera ali m'mimba, ndi matenda opatsirana pogonana. Mayina a ziwalo timatchula m'Chingerezi chifukwa a Chichewa amalemera pakamwa pagulu. M'kalasi mwanga muli kabokosi koponyamo mafunso opanda dzina.

Mafunso a m'kabokosi kameneka ndiwo amandichititsa kuti ndisadumphe mutuwu. Atsikana ambiri anauzidwa ndi anzawo kuti tsiku loyamba munthu satenga mimba. Amatenga. Ena amawerengetsa masiku poganiza kuti aliyense dzira limatuluka pa tsiku la 14, osadziwa kuti chiwerengerocho chimanena za msambo wa masiku 28, pamene mtsikana wongotha msinkhu masiku ake amasinthasintha. Chaka chilichonse pali desiki imene imatsala yopanda mwini pakati pa teremu. Sindinaonepo mwana amene anachoka chifukwa chodziwa zambiri. Amene ndawataya ankadziwa zolakwika.

Mutu womwewu ndi umene umatipatsa mpata wofotokoza katemera wa HPV, amene boma linayamba kupereka kwa atsikana a zaka 9 mu 2019 pofuna kupewa khansa ya khomo la chiberekero.

Genetics imandizunguza mutu. Ndiyambire pati?

Yambirani pa nkhani zimene zimaswa mabanja m'midzi mwathu, mudzaona kuti si masamu ouma. Mayi akabereka ana aakazi okhaokha, ndani amalozedwa chala? Chonsecho munthu ali ndi ma chromosome 46, awiriawiri magulu 23, ndipo gulu lomaliza kwa mkazi ndi XX, kwa mwamuna ndi XY. Dzira la mayi limanyamula X nthawi zonse. Mbewu ya bambo ndiyo imabwera ndi X kapena Y. Ikafika ya X mwana ndi wamkazi, ikafika ya Y ndi wamwamuna. Palibe amene amasankha, ndipo mayi alibe mlandu uliwonse.

Chialubino nachonso. Bambo ndi mayi onse akhoza kukhala akuda, aliyense atanyamula mwakabisira gene imodzi yosapanga melanin, chinthu chimene chimadetsa khungu. Tilembe Aa ndi Aa: A ndi gene yopanga melanin, a ndi yosapangayo. Pa mimba iliyonse pali mwayi umodzi mwa inayi woti mwana alandire a kwa bambo ndi a kwa mayi, n'kubadwa wachialubino. Mawu akuti mimba iliyonse ndi ofunika: sizitanthauza kuti mwa ana anayi mmodzi yekha ndiye adzakhale wotero, mwayi umayambiranso poyamba nthawi zonse. Si tsoka, si chigololo cha mayi, ndipo m'thupi la munthu wachialubino mulibe chizimba cha chuma. Ndi mnzathu amene khungu ndi maso ake zimafuna kutetezedwa ku dzuwa, ndipo m'kalasi ayenera kukhala kutsogolo kuti aone pa bolodi. Phunziro limeneli ndimaliphunzitsa pang'onopang'ono kuposa ena onse, chifukwa dziko lathu laona zoopsa zochitikira anthu amenewa.

Pa kawerengedwe kake, tengani matumba awiri, lililonse muikemo nyemba zofiira 50 ndi zoyera 50. Tolani imodzi m'thumba lililonse osayang'ana, lembani, bwezerani, chitani kokwana 100. Mudzapeza kuti zoyera ziwiri zimakumana pafupifupi kamodzi pa kanayi. Ndi 3:1 yemwe Gregor Mendel anapeza pa nsawawa zake m'zaka za m'ma 1860.

Ine ndimapemphera. Kodi ndiyenera kukhulupirira evolution kuti ndikhoze?

Mayeso safunsa chikhulupiriro chanu, amafunsa ngati mukumvetsa mfundoyo ndi umboni wake. Inenso ndimapemphera, ndipo mutuwu ndimauphunzitsa ndi mtima wonse. Choyamba chotsani bodza lakuti sayansi imati agogo anu anali anyani a m'phirimu. Imanena kuti anthu ndi anyani akuluakulu anachokera ku kholo limodzi lakalekale, osati kuti wina anabala mnzake.

Natural selection tinaiona ndi maso m'zipatala zathu. Chloroquine ankachiza malungo. Tizilombo tochepa tinali ndi chibadwa chopirira mankhwalawo, tinzake tikafa ito tinkatsala n'kuswana, mpaka tinachuluka. Mu 1993 Malawi anasiya chloroquine n'kuyamba Fansidar. Nayenso anafooka chimodzimodzi, ndipo mu 2007 tinasamukira ku LA. Onani kuti tizilombo sitinaphunzire kupirira ayi, topirira tinalipo kale, mankhwala anangotisankha. Ndiponso m'nyanja ya Malawi muli mitundu mazanamazana ya nsomba za mbuna ndi abale ake imene sipezeka kwina kulikonse, ndipo asayansi amachokera kutali kudzaphunzira mmene inasiyanirana.

Matenda ndi ambiri m'silabasi. Ndiwaloweze bwanji onse?

Pa nthenda iliyonse dzifunseni zinayi: chimayambitsa n'chiyani, chimayenda bwanji kuchoka kwa wina kupita kwa wina, chimaononga chiwalo chiti, ndipo unyolo wake tingaudule pati. Musasokoneze choyambitsa ndi chonyamula. Malungo amayambitsidwa ndi Plasmodium, udzudzu waukazi wa Anopheles ndi wongonyamula. Likodzo ndi nyongolotsi yodzera mu nkhono za m'madzi odekha, imaboola khungu la wosamba kapena wochapa, ndipo unyolo umaduka anthu akasiya kukodzera m'madzi. Kolera tinaiona mu 2022 ndi 2023, palibe wofunika kumufotokozera kufunika kwa madzi a shuga ndi mchere.

Kuno tilinso ndi yathu imene ana a m'maboma ena amangoimva: nyongolotsi zoyabwitsa khungu, zimene zikakhalitsa zimatha kuchititsa khungu la maso. Zimanyamulidwa ndi tintchentche takuda toswana m'madzi othamanga a mitsinje yotsika m'mapiri a Thyolo ndi Mulanje. Mectizan amene amagawidwa m'midzi chaka ndi chaka ndi wa nthenda imeneyi. Udzudzu umafuna madzi oima, kantchentcheka kamafuna othamanga. Kusiyana kumeneko kokha ndi phunziro la adaptation.

Ndimadziwa yankho koma malikisi amandipatsa theka. Chifukwa chiyani?

Onani liwu loyamba la funso. State kapena name akufuna yankho lalifupi. Describe akufuna munene zimene zikuchitika mwandondomeko. Explain akufuna chifukwa chake, ndipo ngati m'yankho lanu mulibe because kapena so that, mwina simunayankhe. Akati musiyanitse zinthu ziwiri, tchulani mbali zonse ziwiri pa mfundo iliyonse. Onaninso malikisi ali kumapeto: funso la malikisi 3 silikhuta ndi mfundo imodzi. Pa mafunso aatali, lembani m'ndime, mfundo imodzi ndi kufotokoza kwake, kenako ina.

Ndikakhoza bayoloje ndingapite kuti?

Pa MSCE magiredi amayambira 1 kufika 9: 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi pass. Mayunivesite a boma amafuna ma credit asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, ndipo kusankha kumadzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede. Dziwani msanga kuti bayoloje payokha siyenda. Maphunziro a zaumoyo amafunanso chemistry, physics ndi masamu, choncho amene akulota za unamwino asathawe maphunziro amenewa ali fomu 3. Werengani chilengezo cha chaka chimenecho kuti muone zimene pulogalamu iliyonse ikufuna.

Za udokotala, unamwino ndi za mankhwala kuli KUHeS, imene inapangidwa pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing. Za ulimi, ziweto, nsomba ndi kadyedwe kuli LUANAR ku Bunda. MUST, yunivesite ya sayansi ndi luso, ili pakhomo pathu pomwepa ku Ndata m'boma la Thyolo. Pafupi tilinso ndi koleji ya anamwino ya Mulanje Mission, Malamulo ku Makwasa, ndi Holy Family ku Phalombe. Ndipo ndikupemphani, ena mwa inu mulingalire za Domasi, Nalikule, UNIMA kapena MZUNI kuti mudzakhale aphunzitsi a sayansi. Sukulu zambiri za m'midzi zikusowa anthu otere.

Ine sukulu sindinapite patali. Mwana wanga ndingamuthandize bwanji?

Bambo, muli ndi zambiri kuposa mmene mukuganizira. Mukamazula nandolo muonetseni timatuza ta ku mizu, mumuuze zimene mwaona pa chimanga chobzalidwa pamene panali nandolo, iye akuuzeni za mabakiteriya okhala m'timatuzamo amene amakola nitrogen. Mukapha nkhuku muitaneni aone chithokomiro, nthutumba ndi matumbo musanatsuke. Mufunseni zimene waphunzira lero, ndipo musavomere yankho lakuti zambiri. Chachikulu, mupatseni nthawi dzuwa lisanalowe, makamaka mtsikana, amene amachoka ku sukulu wapansi n'kufikira kumjigo ndi kumtondo mchimwene wake ali pa kope.

Ndangoyamba kuphunzitsa. Kalasi ndi yodzaza, mabuku ndi ochepa, silabasi ndi yaitali. Nditani?

Aphunzitsi, chiyeso chachikulu ndi kulemba manotsi pa bolodi piriyodi yonse, chifukwa kalasi imakhala chete ndipo sikimu imaoneka kuti ikuyenda. Chaka changa choyamba ndinachita zimenezo, silabasi ndinamaliza nthawi yabwino, koma zotsatira zitatuluka ndinaona kuti ana sanapite nane limodzi. Kuyambira pamenepo sindilowa m'kalasi chimanjamanja. Tsamba, fupa, chiwala, muzu, chilichonse. Mphindi khumi zoyamba ana agwire ndi kuyang'ana, manotsi abwere pambuyo ndipo akhale aafupi.

Gawani kalasi m'magulu okhazikika, gulu lililonse likhale ndi buku lake ndi udindo wobweretsa zipangizo. Zoyesera ziyeseni nokha dzulo lake. Pitani ku maphunziro a SMASSE, osula aphunzitsi a masamu ndi sayansi, akaitana, ndipo dziwanani ndi anzanu a mu kilasita, chifukwa kubwerekana maikulosikopu kumayambira pa kudziwana. Pulakitiko isadikire fomu 4 teremu yomaliza. Mwana amene akugwira test tube koyamba pa tsiku la mayeso manja amanjenjemera.

Kodi ulendo wopita kuphiri ndi wofunikadi, kapena ndi kokangosangalala?

Ndi wofunika ngati mwana aliyense wanyamula kope ndi funso. Sikofunika kukafika pa Sapitwa, pa mamita 3,002. Kungoyambira pa Likhubula kukwera pang'ono, zomera zimasintha mukuona: mitengo ya masuku ndi miombo m'munsi, nkhalango yonyowa m'makhwawa, udzu pamwamba. Timitengo tinayi ndi chingwe zimapanga quadrat ya mita imodzi mbali zonse. Werengani zomera pamalo opsa ndi moto ndi pamalo osapsa, muyerekeze.

Kumeneko ndiye kwawo kwa mkungudza wa Mulanje, Widdringtonia whytei, mtengo wa fuko lathu, umene mwachilengedwe sumera kwina kulikonse padziko lapansi. Macheka ndi moto zaumaliza moti ikuluikulu yatsala yowerengeka, ndipo a Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi anthu a m'midzi yozungulira akhala akufesa mbande n'kukabzala pamwamba. Mawu akuti endemic, chopezeka malo amodzi okha, ndi endangered, chimene chili pafupi kutha, mwana amawamva bwino ataima pa chitsa.

Nkhani ya mitengo ndi madzi ndimaiyamba mosamala kuyambira March 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula mapiri n'kukokolola midzi. M'kalasi muli ana amene anataya abale awo. Mvula ija inali yoposa muyeso, ndipo sindiuza mwana kuti kwawo kunagumuka chifukwa cha makala a bambo ake. Timangotenga mabeseni awiri opendekeka, lina dothi lokhalokha, lina dothi la udzu ndi mizu yake, n'kuthira madzi ofanana. Ana amaona okha mtundu wa madzi otsika ndi liwiro lake.

Pa WhatsApp pakuyenda pepala limene akuti ndi lenileni la chaka chino. Ndigule?

Musagule. Kawirikawiri amakhala mafunso akale osanjidwa mwatsopano ndi munthu wofuna ndalama zanu. Likasa likakupezekani m'chipinda cha mayeso, a MANEB amatha kukufafanizirani zotsatira, ndipo ndi mlandu wa kupolisi. Mapepala a zaka zam'mbuyo ndiwo ololedwa, ndipo ndi othandiza mukamawalemba mutatseka kope, wotchi ili patsogolo.

Kwatsala sabata imodzi. Ndichite chiyani?

Musayambe mutu watsopano. Tengani mapepala opanda kanthu mujambule kuchokera m'mutu mtima, impso ndi nephron, diso, tsamba lodulidwa pakati, duwa, ndi reflex arc, kenako muyerekeze ndi buku n'kukonza ndi inki ina. Bwerezani mitundu ya zoyesera zakudya mpaka muziinena mosaganiza. Konzani mapensulo awiri, rula yoonekera m'kati, chofufutira ndi chosongolera. Mayeso amagwa nyengo ya chiperoni, ndipo zala zozizidwa sizikoka mzere woongoka, choncho tengani juzi ndipo mudyeko kanthu kotentha musananyamuke.